Buleki yolimba pa simenti ya polishi

Lolemba
Bokosi lafika. Chiwongolero cha masewera a galimoto a pakompyuta, mapedulo atatu, zomangira ziwiri, kabuku ka malangizo. Ndawerenga miyezi iwiri ndisanasankhe. Odziwa onse akugwirizana pa mfundo imodzi: mpikisano umapambanidwa ndi buleki. Ikhale yolimba, yofuna mwendo wonse. Ndatenga yolimba kuposa zonse.

Cholinga: Loweruka ndipikisana pakompyuta ndi alamu anga, achimwene a akazi anga mayi a Tariro, oyendetsa kombi, minibasi ya ku Makoni. Pa ukwati wa mwezi watha ananena pagulu kuti, "Alamu, mabuku mwamaliza onse, koma ngakhale wilibala simungaikhotetse." Anthu anaseka. Sindinakwiye. Ndinangosunga.

Lachiwiri
Chiwongolero ndachimangirira patebulo la pabalaza. Chagwira bwino. Ndikhala pampando, ndiponda moto, kona yoyamba, buleki. Mapedulo akupita kutsogolo. Ine ndi mpando tikubwerera m'mbuyo. Galimoto yalowa m'khoma.

Chifukwa ndachipeza: simenti yathu. Mayi a Tariro amaipaka polishi wofiira m'mawa uliwonse, kenako burashi, kenako nsanza, mpaka munthu kudziona nkhope. Amene analemba zonse ndinawerenga zija zikuoneka kuti kwawo kuli makapeti.

Lachitatu
Ndapempha mwaulemu kuti kagawo kamodzi ka pabalaza kapume polishi mpaka Loweruka. Ndafotokoza za kuterera. Ndajambula ndi chithunzi, mivi iwiri yoloza kosiyana.

Yankho la mayi a Tariro: "Baba vaTari, mukufuna amayi a kutchalitchi azinena kuti m'nyumba muno mulibe mkazi? Aiwa, ayi."

Chithunzi chija ayatsira mbaula.

Lachinayi
Zoyesa lero:
Kutsamiritsa mapedulo kukhoma. Aima. Tsopano ukuyenda ndi mpando wokha, mtunda wowirikiza.
Zidutswa za chubu cha tayala zogula kumashopu a ku Huruyadzo, pansi pa miyendo ya mpando. Zagwira makona awiri. Kona yachitatu zatsala, ine ndapita.
Njerwa zinayi kuseri kwa mpando. Zayenda nane limodzi, n'kusiya mizere inayi yoyera pa simenti.

Pamizerepo ndaikapo dengu la nyuzipepala. Si kunama ayi, n'kuchedwetsa nkhani chabe.

Lachisanu
Chingwe choyanikira zovala! Ndamanga miyendo ya mpando ku mapedulo. Ndikaponda, mphamvu yokankha mbali iyi ikufafaniza ya mbali inayo. Palibe chikusuntha. Ndazungulira maulendo khumi osagunda kalikonse. Kona iliyonse ndikudziwa poyambira buleki, ndalemba papepala.

Sindikusangalala mopitirira. Izi zinali zoyembekezereka.

Loweruka
Ndabwerako kogula buledi, ndapeza izi:
Dengu lachotsedwa, mizere yaonekera.
Polishi apaka kawiri, poti kukubwera alendo.
Chingwe chabwerera panja, pali zofunda zonyowa.

"Achimwene akubwera ndi akazi awo. Asapeze mpando womangidwa ngati mbuzi. Za mizere iyi tikamba mawa."

Alamu afika masana, akhala pampando oyamba. "Buleki ndi iti?" Ndawalozera. "Zvakanaka, chabwino." Sanaikhudzenso. Phazi pa moto basi, chigongono panja ngati pali zenera. Akudula paudzu, akukhula makoma, akufunsa kuti hutala ili pati. Amaliza ulendo wonse. Mpando sunasunthe ngakhale pang'ono. Munthu wosaponda buleki alibe vuto ndi polishi. Mfundo imeneyi sinali m'zowerenga zanga.

Nthawi yanga. Kona yoyamba, ndaponda buleki pamalo enieni oyenera, ndi mphamvu yoyenera. Ndakaima pakhomo la kukhitchini, ndidakali pampando, manja ali m'malere. Chiwongolero chikunjenjemera chokha patebulo.

"Alamu, mwatsikira pano? Ku Makoni sitinafike!"

Akazi awo aseka mpaka kutsamwa tiyi.

Lamulungu
Tabwerako kutchalitchi. Ndili chogwada pabalaza, chitini cha polishi kudzanja ili, nsanza kudzanja linalo. Mizere itatu yatha, wachinayi ukuvuta. Mayi a Tariro akuyendera ntchito mphindi zingapo zilizonse.

Zoona zake zisaiwalike: mzere wanga unali wolondola, poyambira buleki panali polondola. Ndaluza.

Alamu atumiza uthenga. Akufuna kubwereka chiwongolero akaonetse anzawo a pa renki ya makombi. "Ndi pedulo ya moto yokha, alamu. Yolimba ija sungani, mumaikonda."

Ndayang'ana m'kabuku. Buleki imamasuka ndi mabawuti anayi. Ndiimasula ndikamaliza kupukuta.