Pa Makina a Mayi Ellen Safa Munthu

Mayi Ellen Namalomba, sekilitale wa dipatimenti yathu ya Chingerezi, anagwira ntchito zaka makumi atatu osapha munthu ngakhale mmodzi. Musaseke. M'dipatimenti ya Chingerezi anthu amafa ngati ntchentche. Mukangowauza ophunzira kuti alembe nkhani, tsamba lachitatu silifika wina asanamwe tameki kapena kugundidwa ndi lole. Zonsezo zinkadutsa pa desiki ya Mayi Ellen kuti azitayipe, ndipo lamulo lawo linali limodzi: "Pa makina anga safa munthu."

Ndikukumbuka zimenezi chifukwa mwezi watha mkulu wa dipatimenti, a Dokotala Abdula, anandiitana nati, "A Hawkins, chidziwitso cha maliro awo mulembe ndinu." Ine, mphunzitsi wa kalembedwe, ntchito ya mizere isanu inanditulutsa thukuta. Koma ndiyambire poyambira.

Mayi Ellen ndinawadziwa ndili wophunzira wa chaka choyamba. Ndinalemba nkhani ya m'magazini ya dipatimenti, ndikudziona ngati katswiri: minibasi ya ku Bangwe inaduka mabuleki pamtsetse, anthu onse n'kuthera pomwepo. Magazini itatuluka ndinapeza minibasi yanga itaima bwinobwino pafupi ndi chiwaya, anthu atatsika akudya tchipisi, kondakitala akupepesa.

"Mayi, mwandiwonongera nkhani."

"Anakulakwira chiyani anthu amenewa?" anandifunsa, zala zili pa makina.

"Ndi tragedy, mayi."

"Thirajedeyo ukachitire kwanu. Mayi uja wa dengu la tomato wasiya ana angati kunyumba? Unawaganizira?"

"Koma ndi wongopeka."

"Wam'peka wekha, um'samale."

Sanali kuopa ngakhale akuluakulu. Chaka china a Dokotala Abdula anakonza funso la mayeso pa sewero lina lakale la Azungu: fotokozani chimene chinachititsa kuti mfumu iphedwe. Pepala litafika m'holo, funso linali lakuti fotokozani chimene chinachititsa kuti mfumu isamukire kwawo kwa mkazi wake. Ophunzira makumi asanu ndi atatu anayankha osaphethira. Mtsikana wina, Hidaya, analemba masamba anayi a nkhani ya chikamwini, ndipo ndiye anaposa onse.

A Dokotala analowa mu ofesi ya Mayi Ellen atakwiya. "Mayi Namalomba, mfumu imeneyi inafa zaka mazana anayi zapitazo."

"Inu munapita kumaliro kwake?"

A Dokotala anangopempha tiyi.

Lachisanu masana gulu la zisudzo linkayeserera m'kalasi yoyandikana ndi ofesi yawo. Wina akabayidwa ndi mpeni wa katoni n'kugwa, omulira atangoyamba kumene, chitseko chinkatseguka. Mayi Ellen ankalowa ndi mbale ya mandasi, kuima pamutu pa mtembowo, n'kunena kuti, "Dzuka iwe, simentiyo ikupatsa chibayo." Mtembo unkadzuka, kutenga ndasi, kuthokoza. Palibe sewero linafikapo kumanda m'kalasi imeneyo.

Tinkaseka, ndipo ine ndinkaposa onse. Kuseka kwangako kunatha tsiku limene ndinakawazonda ku Zingwangwa atayamba kudwala. Pakhonde panali nsapato zachimuna zakuda, zopolishidwa mpaka kuwala, zitayang'ana kumsewu. Amuna awo anali atawasiya kalekale. Neba wawo, Mayi Safiya, pondiperekeza ndiye anandiuza.

"Ndi za Gregorio, mwana wawo wamwamuna. Anapita ku Joni zaka zoposa khumi ndi zisanu zapitazo. Tsiku lina munthu wosadziwika anaimba foni kuti mnyamatayo wafa, n'kudula. Mtembo sunabwere. Azimayi a kumpingo anabwera kudzakhala nawo, iwo anawafunsa kuti, mwauona mtembowo? Anawaphikira tiyi n'kuwabweza. Nsapatozo amazipolisha Loweruka lililonse."

Ndinabwerera m'nyumba ngati ndaiwala kanthu. Mayi Ellen anandiona ndikuyang'ana nsapato zija pakhomo.

"Ana a masiku ano ulesi," anatero. "Foni yokha imawavuta kuimba."

Ndinachita manyazi ndi minibasi yanga ija, ndipo mpaka lero ndimachita nayo manyazi.

Tsono m'mawa wa Lolemba, a Dokotala atandituma kulemba chidziwitso chija, ndinakhala pampando wa Mayi Ellen, poti pulinta ya dipatimenti imamvera kompyuta yawo yokha. Juzi lawo linali likadali pamsana pa mpando, likununkhira sopo. Ndinayamba kutayipa m'Chingerezi monga mwa mwambo wathu. Nditalemba liwu lakuti died, linagwedezeka pamaso panga n'kusanduka travelled. Ndinafufuta n'kulembanso. Chimodzimodzi. Ndinayesa mawu ena aulemu onena za imfa, onse ankasanduka ulendo. Ndinati ndiyese Chichewa: amwalira. Kompyuta inalemba kuti achokapo. Ndinatembenuka kuyang'ana kuchitseko, koma panalibe munthu.

Ndinaitana Dan, wokonza makompyuta. Anasuzumira n'kuseka.

"Palibe mzimu apa, bwana. Ndi setting chabe. Mayi aja anaiphunzitsa kompyutayi kusintha mawu. Onani mndandanda wake, mawu forty. Two minutes ndachotsa."

"Dikirani kaye, ndimalize."

Unatsala mzere womaliza, wotchula ana. Ndinalemba kuti asiya ana awiri, Lilian ndi malemu Gregorio. Liwu lakuti malemu linazimiririka, ndipo kutsogolo kwa dzinalo kunabwera mawu amene ine sindinalembe: Gregorio, amene ali m'njira.

Dan anasiya kuseka. Anachotsa dzanja pa kompyuta pang'onopang'ono.

"Ndichotsebe, bwana?"

Ndinadziwa kuti ntchito yanga inali kulemba zoona, kuti anthu adziwe kuti kuli maliro ku Zingwangwa. Koma kuwapha Mayi Ellen pa makina awo omwe, pamodzi ndi mwana wawo, ine sindikanatha. Ndinapulinta momwemo, n'kuwonjezera ndi cholembera tsiku ndi nthawi ya basi yopita kumaliro. Nditamata pabolodi, a Dokotala Abdula anawerenga kawiri, natulutsa bolopeni yawo yofiira imene sinakhululukirepo munthu. Anaigwira kanthawi, kenako anaibweza m'thumba.

"Basi inyamuka nthawi yanji?" anafunsa.

Anthu anamva, ndipo anabwera onse.

Masiku ano ophunzira amatayipa okha pa malaputopu awo, ndipo amapha mmene akufunira. Magazini ya chaka chino ili ndi mitembo makumi awiri, palibe wofunsa kuti asiya ana angati. Sekilitale watsopano amagwiritsa ntchito kompyuta ina, ijayi tinangoiphimba ndi nsalu. Ndikamadutsa pakhomopo ndimachepetsa liwiro, khutu likuyembekezera phokoso la zala zawo.

Lachisanu lapitali ndinalowa m'kalasi ya zisudzo. Mtsikana wina anabayidwa ndi mpeni wa katoni n'kugwa, omulira analira mpaka mawu awo onse a m'sewero anatha. Kenako kunangoti zii. Tonse tinali titayang'ana kuchitseko. Mtsikanayo anagonabe pasimenti pozizirapo, maso ali otseka, kudikira womuuza kuti adzuke.