Kope la Asisita ndi Chiponde cha Zione

Lolemba
Ndikulemba msangamsanga Zione asanadzuke. Kusikelo mwanangayu watsikanso. Asisita andipatsa chiponde ndi kope ili. Akuti anamwino akuphunzira kafukufuku womvetsera anthu, ndiye mphunzitsi wawo akufuna aliyense, namwino ndi mayi yemwe, alembe za mumtima sabata yathunthu. Adzawerenga m'kalasi! Asisita akadziwa zakunyumba kuno andikalipira pagulu, kapena kumuchotsa mwana pachiponde. Ndizilemba zabwino zokhazokha.

Lachiwiri
Zabwino:
- Zione wadya chiponde chonse yekha.
- Ndasamba m'manja kasanu.
- Ndine wokondwa.
Dzuwa ili! Pansi pa mtengo wa masawu maso akulemera. Ndikumuona Zione wanenepa ngati kamwana ka mvuu, akuyandama pa namasupuni kumatsika ndi Shire, chingwe cha sikelo chaduka, anamwino onse akuombera m'manja...

Lachitatu
Apongozi akuti, "Ndingolawa, mwina chinaola." Paketi yatha! Dzanja lalemba lokha zimenezi. Tsamba ili ndiling'amba.

Lachinayi
Bambo ake a Zione akupaka chiponde pambatata. "Kudimba kumafuna mphamvu, amake Zione." Inenso ndanyambita chala. Kawiri. Mayo ine! Ilinso lichoke. Masamba awiriwa ndawabisa kudenga, akupepheruka ngati akakowa.

Lachisanu
Kani Asisita analemba manambala pamasamba onse! Kope likudumpha kuchoka 2 kufika 5. Ndinene kuti yadya mbuzi? Mbuzi yosankha masamba? Zione kumsana wapepuka ngati mtolo wa bango louma. Ndikumangomugwira kamwendo kuti ndidziwe kuti alipo.

Loweruka
Pamsika kwa Tengani ndapeza Asisita pamthunzi, nawonso ndi kope lawo, maso ali psuu. "Amake Zione, ine ndang'amba masamba anayi. Ndinalemba kuti ndimakalipa chifukwa mwana akatsika sikelo ndimachita mantha. Aphunzitsi akuti tsamba limene ukufuna kung'ambalo ndiye kafukufukuyo." Kani nawonso amaopa! Tikudya masawu, mitambo ikudutsa pang'onopang'ono kumka ku Mozambiki.

Lamulungu
Ndamata masamba aja ndi phala la mapira. Akhwinyata koma akuwerengeka. Ndimabisanji, poti la Lolemba, lomwe likundiulula kale, ndinaiwala kuling'amba? Chiponde chotsala ndachimanga pansonga ya chitenje, ndapita nacho mpaka kutchalitchi. Apongozi nyimbo zonse maso ali m'chiuno mwanga. Mawa sikelo. Awerenge basi, akalipe ngati akufuna. Zione wadya paketi yonse yekha. Lachiwiri lija linali bodza, lero ayi.