Pantchito Yanga Chitsulo Sichisewera

Mafuta atayamba kuthovoka pakhosi pa paipi, ine ndinali chiimire, manja m'thumba, kudikira kuti andiyamikire. Sanandiyamikire.

Ndine wowotcherera zitsulo. Sukulu ndinalekera giredi 5. Zaka za m'ma 90 zija, kuyambira ku Silverest mpaka ku Chongwe, wofuna geti losagwa amabwera kwa ine. Mawu anga anali amodzi: pantchito yanga chitsulo sichisewera.

Ba Daka anamanga kafakitale koyenga mafuta a mpendadzuwa kufupi ndi Chalimbana. Anagula chozizitsira mafuta. Taganizani rediyeta ya galimoto, koma yaikulu ngati denga la kanyumba, yogonekedwa pansanamira, mafani awiri akuuzira mphepo pansi pake. Mafuta amalowa otentha n'kutuluka ozizira. Ntchito yanga inali yolumikiza mapaipi.

Ku Lusaka kunachokera injiniya. Mtsikana, msinkhu wa mwana wanga wachiwiri. Ba Mwale. Inali ntchito yake yoyamba. Anabwera ndi mapepala ochokera m'kompyuta, manambala okhaokha.

"Ba mudala, paipi iyi ikapya imakula," anatero, akundionetsa mulifupi mwa chala chake. "Ikakula ikankha rediyeta. Manje rediyeta ifunika kusendera nayo, apo ayi khosi lithyoka. Mu kompyuta naika kuti miyendo iyi niyomasuka. Mabauti musamange maningi. Izisewera."

"Kompyuta inawotchererapo?" ndinafunsa.

"Iyayi."

"Basi."

Mabowo a mabauti anali aatali ngati nyemba. Ndinati wobowola anali ataledzera. (Anabowola dala. Izi ndinazidziwa mochedwa.) Mtsikana atakwera minibasi, ndinatenga sipana yaikulu n'kumanga onse mpaka mitsempha kutuluka pakhosi.

Lachitatu anabweranso. Anayesa bauti limodzi, losatheka.

"Nindani wamanga?"

"Ndine."

Sanakalipe. Anapempha sipana, namasula yekha, thukuta lili kamukamu, anyamata onyamula matumba akuonerera. Kenako analemba ndi choko pamwendo uliwonse kuti mabauti asamangidwe. Zinandiwawa. Mwana wa dzulodzulo kumasula ntchito yanga pamaso pa anthu!

Lachisanu tinayesa mafani opanda mafuta. Rediyeta inanjenjemera pang'ono. Woyendetsa thalakita wa ba Daka anaseka.

"Ba mudala, mwakalamba. Chitsulo chanu chayamba kuvina!"

Loweruka masana, anthu atapita, ndinakoka makina anga owotcherera. Mabauti ndinawasiya omasuka monga mtsikana uja ananenera. (Munthu womvera ine.) Koma kuseri kwa mwendo uliwonse ndinawotcherera, bwinobwino, mzere wosalala ngati mamba a nsomba. Ndinapaka penti. Ndinagwedeza. Zii. Ndinapita kunyumba ndikuimba mluzu.

Lolemba linali tsiku lotsegulira. Alimi anadzaza pabwalo ndi ngolo zawo, ena anapalasa njinga kuchokera ku Palabana, matumba a mpendadzuwa ali mbwee. Ba Daka anavala jekete. Ba Mwale anayesa mabauti ndi zala, nandimwetulira.

"Zikomo ba mudala. Mwanimvera."

Ndinagwedeza mutu.

Mafuta otentha analowa. Poyamba bwinobwino. Kenako paipi inayamba kubuula ngati ng'ombe yodwala. Inafuna kukula, rediyeta inakana kusendera. Chitsulo changa chinagwira, ndisaname. Chimene chinagonja ndi khosi lolowera mafuta. Phwa! Mafuta pansi ponse, utsi, anthu kuthawa. Mwamwayi palibe anapsa. Koma khosi lotero silipezeka pa Chongwe, ndipo alimi anabwerera ndi matumba awo.

Ba Daka anavula jekete. Sanayang'ane ine. Ine ndani angandikayikire?

"Iwe mwana, makompyuta yako aya! Ninakamba kuti nifuna munthu mukulu. Longa mapepala yako, usabwelenso pano!"

Mtsikana anatsegula mapepala. Anawerenga. Anawerenganso.

"Bwana, manambala yali bwino. Sinimvetsa."

"Manambala yali bwino, mafuta yali pansi!"

Anthu anaseka. Ine ndinali mapazi asanu kuchokera pamene anaima. Mawu atatu akanakwana: ndine ndinawotcherera, bwana. Pakamwa panga panawotchereredwa kuposa miyendo ija.

Chitsulo chitazizira, mtsikana anavula nsapato zake za kutauni n'kulowa pansi pa rediyeta, maondo m'mafuta. Anapapasa kuseri kwa mwendo woyamba. Anakanda penti ndi kiyi. Anapita pa wachiwiri, pa wachitatu. Ba Daka anawerama kuona. Woyendetsa thalakita naye anawerama. Mamba a nsomba aja amadziwika Chongwe yonse, sindikanawakana.

Kuyambira tsiku limenelo, bowo lalitali ndimalilemekeza. Ndikaona bauti lomasuka ndimayamba ndafunsa. Koma chimene chimandidya mpaka lero si khosi lija ayi. Ndi mphindi zija ndinaima ngati nsanamira mwana wa eni akutukwanidwa chifukwa cha ine. Pepani sindinamuuze. Ndinamva kuti ba Daka anamupepesa. Ine sindinamuonenso.

Tsiku lija, mtsikanayo anatuluka pansi paja siketi ili nyezinyezi ndi mafuta, nayang'ana ine. Sanakweze mawu.

"Ba mudala, mwawotcherera bwino maningi. Sichinasewere olo pang'ono."

Ndinatola sipana yanga n'kulowera kumsewu.