Thovu pa Dzina la Apongozi

Mpaka lero ndikamva fungo la mankhwala otsukira m'chimbudzi, ndimakumbukira chiliza cha apongozi anga aamuna. Sukulu ya paukuluyi inandichititsa manyazi amene anthu a ku Msoro sadzawaiwala msanga.

Ndimakonza m'zipinda pa kampu ina ya alendo ku Nkwali, ndipo chaka chimenecho ndinkabwereza sayansi kuti mwina ndikachite unamwino. M'mutu munangodzaza kashiamu, kaboni, okosijeni. Mwana wanga Dalitso akapempha mchere ndinkamufunsa ngati akunena sodiyamu kolorayidi. (Amuna anga anati ndidzaona polekera. Ine ndinati ndi nsanje.)

Ndiye tinapita ku Msoro, kumudzi kwa amuna anga, ku mwambo wovundukula chiliza cha malemu bambo awo. Mwala wake unali utafika kuchokera ku Chipata, wakuda bii, wonyezimira, dzina lolembedwa ndi utoto wagolide. Anautsamiritsa kukhoma pakhonde. Mlamu wanga Tobiyasi, amene anakausankha, ankauza aliyense kuti ndi giranaiti.

"Alamu, uwu ndi mwala wa mabo," ndinatero. "Mukaudonthezera asidi umachita thovu. Giranaiti sachita zimenezo."

"Inu alamu, za miyala mwaziyamba liti?"

Mawuwo anandiwawa. M'chikwama ndinali ndi kabotolo ka asidi kamene ndinabweretsa kuti titsukire chimbudzi alendo asanafike. Anthu atabalalika, ndinadontheza kadontho kamodzi pamwamba pa mwalawo. Psiii! Thovu! Ndinatsala pang'ono kululuta. Ndinamukoka Tobiyasi kuti adzionere yekha, ndipo pofuna kuti thovu lichuluke ndinapendeketsa botolo mopyola muyeso.

Mayo ine! Asidi anatsetsereka n'kudutsa pakati penipeni pa dzina, akuwira. Apo ndiye ndinakumbukira kuti thovulo ndi mwala womwewo ukudyeka. (Buku linanena. Ine ndi amene ndinalekezera panjira tsambalo.) Ndinapukuta ndi chitenje, n'kungomwaza asidiyo ponseponse. Ndinakhuthulira ndowa ya madzi. Pouma, panatsala banga lotuwa ngati chipere.

Tobiyasi anagwira m'mutu. "Alamu, mwawapha kachiwiri bambo!"

Nzeru ina inandibwerera, ndipo bola ikanapanda kubwera. Ndinathamangira kukhitchini, ndinatenga saladi, mafuta ophikira ndiwo aja, n'kupaka. Mwala unadanso, kuwala kuposa kale. Tinaukulunga mu nsalu yoyera, amisiri anabwera kudzaunyamula, ine n'kupuma.

M'mawa mwake kumanda dzuwa la m'chigwa muno linali litayamba kale ntchito yake. Wansembe anapemphera, kwaya inaimba, apongozi anga aakazi anagwira nsalu ija n'kukoka.

Ndinamva gulu lonse likukoka mpweya nthawi imodzi. Saladi anali atatsikira pansi, banga lili poyera, ndipo pa dzina la malemu panali nyerere zokhazokha, piringupiringu. Agogo ena kumbuyo ananong'ona mokweza kuti malemu aukana mwalawo. Tobiyasi ankangoyang'ana nsapato zake.

Kenako apongozi anagwada m'fumbi. "Bambo a Tobiyasi, ndakulakwirani chiyani? Si ine ndinkakusambitsani mpaka tsiku lomaliza?" Analira kulira kumene sindinakumve ngakhale tsiku la maliro.

Ndikanakhala chete, mayi uja akanakalamba akuganiza kuti amuna awo anapita ali ndi mangawa nawo. Ndinayenda chogwada mpaka pamene anali.

"Amayi, si iwo ayi. Ndine. Ndinathirapo asidi."

"Asidi wa chiyani, amake Dalitso?"

"Wo... wotsukira m'chimbudzi."

Wansembe anavula magalasi. Amuna anga anangokhala pansi pomwe anaima, ali mu suti yawo.

"Nanga nyererezi?" anafunsanso apongozi.

"Saladi, amayi."

Apongozi anapukuta misozi m'masaya. Kenako anatola nsalu yoyera ija n'kundiika m'manja. "Ndathokoza kuti si iwo. Koma inu mwawadetsa, inu nomwe muwawalitsenso."

Kuyambira pamenepo, mudzi ukapita kukalambula kumanda, anzanga amanyamula makasu, ine nsanza. Ndikudziwa bwino lomwe kuti banga lija silingachoke, poti mwalawo unadyeka, ndipo ndikhoza kufotokoza chifukwa chake mpaka dzina la mpweya umene unatuluka. Koma apongozi amaima pambali panga n'kumati, "Kwayamba kusintha eti?" Ine ndimati, "Kwambiri, amayi," n'kupitiriza kupukuta.