Bwana, Ndibwezereni Bambo Anga Ali Pakhomawo

Kwa Bwana Mkulu Woyang'anira Nyumba Zakale,
Kulikulu.

Wolemekezeka Bwana,

Ndalemba kalatayi chogwada, ngakhale bondo lamanzere limandivuta. Ndine Elia Kamwendo, mkulu wa mpingo kuno kwa Dzoole, munthu wa Folomu 2 wosayenera kukutayitsani nthawi. Ndikufuna kuthokoza, komanso kuulula tchimo, pakuti Lamulungu likudzali tili ndi Mgonero ndipo dzanja langa likukana kutambasuka.

Loweruka lapitali ndinaperekeza amayi a Mvano kukaona nyumba ya malemu Alexio Kafumbata, mmene anthu ankakumana mobisa pomenyera ufulu. Mathokozo anga ndi awa:

1. Zikomo chifukwa cha denga. Mwalisunga monga linalili mu 1959, moti mvula inatipeza pamalo enieni pamene inkapezera omenyera ufulu. Mbiri yonyowetsa chonchi sitinaiphunzire kusukulu.

2. Zikomo chifukwa cha mlonda wanu, a Frank. M'chipinda chimodzi chosadontha ayanikamo fodya wawo. Tinalowa chowerama, choncho aliyense anapereka ulemu, ngakhale wosafuna.

3. Zikomo koposa chifukwa cha chithunzi chachikulu chija pakhoma. Apa ndiye pali tchimo langa.

Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo, kutatsala tsiku limodzi kuti mudzatsegule nyumbayi, anthu a ku ofesi kwanu anazungulira m'mudzi kubwereka zinthu, monga timachitira kukamabwera akuluakulu: uyu mpando, uyu nyali, uyu nsalu ya patebulo. Chithunzi cha a Kafumbata chinasowa, poti munthu wothawa apolisi sajambulitsa. Anthu anuwo anati chithunzi cha aliyense wachikulire wovala jekete chingathe, abweza Lolemba. Ine, polakalaka kukhala pamzere wakutsogolo pamwambowo, ndinachotsa bambo anga pakhoma n'kupereka. Lolemba lija silinafikebe.

Bwana, bambo anga a Stephano anali mesenjala wa DC wachizungu ku Dowa Boma. Ndi iwowo amene anamanga a Kafumbata ndi chingwe cha khonje n'kuwayendetsa wapansi mpaka ku Boma. Jekete ili pachithunziyo anapatsidwa ngati mphotho ya ntchito imeneyo.

Lero pansi pa nkhope yawo palembedwa kuti "Mkango wa Ufulu". Ana a sukulu amawajambula m'makope. Loweruka lija amayi atafika pamenepo anagwada, nati mkulu wa mpingo atipempherere. Ndinapemphera, Bwana. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha munthu wolimba mtima uyu, ndipo mawu anatuluka bwino kuposa masiku onse, zimene zikundiopsa kwambiri. Nditatsinzimula ndinapeza mlongo wanga Hana akundiyang'ana, ameni sananene. Wandiuza kuti ndikapanda kukonza zimenezi lisanafike Lamulungu, adzaimirira yekha m'tchalitchi nthawi ya zolengeza. Hana saopseza chabe.

Koma chondiwawa si Hana ayi. Ndi mayi Faines, mwana yekhayo wotsala wa a Kafumbata, amene maso awo anachita ng'ala. Chaka chilichonse pa 3 Malichi amabwera ndi maluwa, n'kupukuta galasi la chithunzicho ndi chitenje chawo, n'kumadabwa kuti bambo awo anali onenepa chonchi iwo osadziwa. Loweruka anandigwira dzanja n'kundithokoza chifukwa cha pemphero. Ine ndinangoti zikomo, ngati munthu wabwino.

Ndinapempha a Frank kuti anditsitsire chithunzicho. Anati tsopano ndi katundu wa boma, ndipo ngakhale mwini wake atadzuka kumanda ayenera kubwera ndi kalata yachidindo. Ndakulemberani kanayi. Sindikudandaula kuti simunayankhe. Ndikudziwa kuti ntchito yanu ndi kusunga zinthu mpaka zikalambe, ndipo makalata anga mukuwasunga mwaluso.

Pempho langa ndi laling'ono. Tumizani chidindo chija lisanafike Lamulungu, bambo anga abwerere kwawo, ine ndikagwade kwa mayi Faines ndi kuwauza zoona ndisanalandire Mgonero. Za khoma lotsala lopanda kanthu musade nkhawa. Ndili ndi kalendala ya ofesi yanu, imene munajambulitsapo mutavala jekete yabwino kuposa ya bambo anga. Ndidzadula bwinobwino n'kukupachikani pamenepo. Palibe adzakuzindikireni, Bwana, poti kuno simunapondeko chiyambire tsiku lija munadula riboni.

Ine wantchito wanu wochimwa, mwana wa Mkango wa Ufulu mpaka mutayankha,

Elia Kamwendo
Kwa Dzoole, Dowa