Kusankhira Anagama Shamine

Lolemba

Mwana wathu Lusiya waimba kuchokera ku Tete. Zatheka! Mayi ake, Anagama, awachotsa ng'ala ya m'diso, ndipo akuti m'mawa uno awerenga okha nambala ya bedi. Ndavula chipewa ndili ndekhandekha pabwalo. Mulungu ngwabwino.

Abwera Lamulungu. Koma adotolo alamula: utsi ayi, fumbi ayi, kwa mwezi wathunthu. Utsi ukalowa, diso litupa, ntchito yonse ipita pachabe.

Utsi ayi! Kwa munthu amene tsiku lake limayambira m'kozinya, mophikira muja, n'kutheranso momwemo?

Ndalowa m'kozinyamo kukaona bwinobwino. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu za ukwati, ine malire anga akhala pakhomo, pofunsa ngati madzi osamba atentha. Milungu itatu imene Anagama kulibe ndikudya kwa alamu, amake Rozita, mng'ono wawo. M'katimo mwada bii. Malata akugwetsa mwaye pa malaya anga oyera.

Ndatsimikiza mtima: pofika Loweruka, kozinya yatsopano, yokhala ndi shamine yokoka utsi pamwamba pa moto. Ndinagwira ntchito mu sekeretariya ya sukulu mpaka kupuma, sindinatayepo pepala la mwana wa munthu ngakhale limodzi. Kachipinda kamodzi kangandikanike?

Ndatsegula pasita yatsopano ya mapepala. Pachikuto: SHAMINE.

Ndondomeko:
- Lachiwiri, kusankha mtundu
- Lachitatu, kuboola denga
- Lachinayi, kuika
- Lachisanu, kupaka njereza
- Loweruka, kupuma ndi kumeta ndevu

Alamu sindiwauza. Akamva iwo, Tete yamva.

Ndapempha Lusiya zithunzi pa telefoni, ndati ndi za mnzanga wina. Abale, padziko pali anthu anzeru! Ina yopingasa pansi, yosongoka kumwamba, yomata kukhoma. Ina ya galasi lopindika, ya timagetsi. Ina yolendewera pakati pa chipinda ngati belu la tchalitchi. Ina yobisala m'kabati, osaoneka n'komwe. Ndakonda yoyamba. Kenako yachiwiri. Pofika madzulo ndazikonda zonse.

Lachiwiri

Pa njinga mpaka ku Ulongwe. Mphepo ya Juni ikudula makutu.

M'loja ina muli ya galasi ija, yeniyeni! Mayi ogulitsa adina batani, yayamba kulira chapansipansi, yakoka kapepala n'kukagwira m'mwamba osagwa. Ndapempha achitenso. Achita katatu.

"Fogau yanu ndi ya gasi kapena ya magetsi, bambo?"

Ndati ya mafuwa.

Mayi aulemu kwambiri. Sanaseke. Angozimitsa batani mofatsa n'kundilozera kumsika, kwa osula malata.

Kumsika: a Meshitiri Zakariya. Amapanga ndowa, mbaula, zothirira kudimba. Manja amenewo! Lata akulidula ngati nsalu, kulipinda pa chidutswa cha njanji, kugogoda katatu, m'mphepete mwagwirana popanda msomali. Sayeza kawiri. Ndaima pamenepo ola lathunthu, chimene ndadzera ndaiwala.

Ajambula pansi ndi msomali mitundu itatu ya chisoti cha pamoto: cha makona anayi, chozungulira, ndi cha theka chotsamira khoma. Kenako mafunso.

"Moto umakhala pati?" Pafupi ndi chitseko, ndaona dzulo ndi maso angawa.

"Amayi amaphika chokhala kapena choimirira?" Chokhala. Ndikuganiza choncho.

"Panopa utsi umatulukira kuti?" Sutuluka, n'chifukwa chake ndabwera.

Iwo ati, "Bola mukanabwera ndi mwini moto." Ndati ndikufuna kuwadzidzimutsa. Ati, "Adzadzidzimukadi."

Ndasankha cha makona anayi, cha paipi yaitali. Chitha Lachinayi. Ndalemba m'pasita, ndadula mzere kunsi: nkhani yatha.

Lachitatu

Nkhani sinathe.

Abwera a Bonifasiyo, akumpadire anga, amene anaimira Lusiya pa ubatizo. Mmisiri wa njerwa. Ndawaitana kudzaboola denga basi, koma atamva za lata agwira pakamwa. "Lata ndi la khola la nkhuku, kumpadire. Shamine ndi ya njerwa." Andikoka mpaka kumishoni, kukaona ya m'kozinya ya asisitere, imene bambo awo anamanga nawo kalekale.

Mayo ine! Khoma lakwera n'kumanka lichepa ngati khosi la botolo. Moto ukuyaka pansi, utsi ukukwera chowongoka, osapatuka. Makoma oyera mbee! Amayi ophika maso ouma, wina akuchita kuimba. Ndalowetsa dzanja m'munsi mwake, ndamva mpweya ukukoka mkono wa malaya. Amene anamanga chinthu ichi anali munthu ndithu. Ndikufuna yomweyi.

Masiku angati? "Milungu itatu, kuti iume bwino."

Ine ndatsala ndi masiku anayi.

Tabwerera ku lata. A Bonifasiyo akwera padenga akung'ung'udza, koma ntchito yawo njosiririka: bowo lozungulira bwinobwino, pamwamba penipeni pa mafuwa. Dzuwa lalowa m'kozinya, mwina koyamba chiimangireni.

Kuti malo ayere ndatsitsa zonse zolendewera kudenga:
- mitolo ya chimanga chakuda ndi mwaye
- anyezi
- zikwatu za mfutso
- kathumba ka nyemba
- china chake chimene sindikuchidziwa dzina

Zinyalala zambiri kunyumba ya munthu waukhondo chonchi! Ndaunjika pakhonde.

Lachinayi

Chafika! A Meshitiri abwera nacho okha, chomangirira panjinga, chikunyezimira kuchokera patali. Achipachika ndi mawaya anayi, paipi yatulukira pabowo ndendende. Ndawomba m'manja. A Bonifasiyo ati, "Si choipa," ndipo kwa iwo amenewo ndi matamando aakulu.

Kuyesa. Ndakoleza moto ndekha, machesi asanu ndi awiri. Utsi wakwera, walowa m'chisoti, mtima wanga myaa! Kenako mphepo yawomba. Utsi wonse wabwerera pansi, ndikulumbira kuti wachuluka kuposa umene unakwera. Amuna atatu akuluakulu kulimbirana chitseko chimodzi, tikutsokomola.

Pabwalo tapeza alamu atagwira m'mimba ndi kuseka. Aona utsi, athamanga poyesa nyumba yapsa. Kuseka kwatha atayang'ana pakhonde.

"Alamu, mbewu ya akulu anga mwaitsitsiranji? Mukufuna anankafumbwe adye munda usanadzalidwe?"

Chimanga chakuda chija ndi mbewu. Utsi ndi umene umaisunga. Sindimadziwa. Ine ndimangodya.

Andikokera m'kati, asesa pansi ndi phazi. Mabala akuda atatu: lina pafupi ndi chitseko, lina pakona, lina pakati.

"Moto wa akulu anga sukhala malo amodzi, alamu. Pachitseko apa ndi pa masika, mphepo isanakule. Mwera ukayamba amasamukira pakona apo. Dzinja, pakati, poti nkhuni zonyowa zimafuna mpweya. Akanakhalapo akanasamuka sabata yatha. Inu chisoti chanu mwaveka malo amene moto wachokapo kale."

A Meshitiri angoyang'ana kumapiri.

Lachisanu

Njereza ayi. Lero ndi kuganiza.

Funso: moto woyendayenda umafuna shamine ya mtundu wanji? Maganizo a m'pasita:
1. Zisoti zitatu, mapaipi atatu. (Denga lioneka ngati nungu.)
2. Chisoti chotsetsereka pa waya. (Nanga paipi itsatira bwanji?)
3. Chisoti chimodzi chachikulu, chophimba malo onse atatu.
4. Kuuza Anagama kuti moto uzikhala pamodzi.

Nambala 4 ndafufuta ndekha, popanda wondiuza.

Ndaimbira a Meshitiri za nambala 3. Amvetsera mpaka kumapeto, munthu wodekha. "Chimenecho, bambo, chilipo kale. Dzina lake ndi denga. Ndi lomwe mwaboola lija."

Basi, tasamutsira chisoti pakona ya mwera. Bowo lachiwiri. A Bonifasiyo aliboola mokongola kuposa loyamba, sindingawanamizire. Koma pakona denga ndi lotsika. Chisoti chalendewera pafupi ndi moto mwakuti mphika waukulu sukulowa pansi pake. Ndagundamo mutu kawiri. Chimalira bwino, lata lake ndi lenileni.

Utsi tsopano ukulambalala chisoti, kuzungulira chipinda chonse kufunafuna bowo loyamba. Ukulipeza, koma utayendera aliyense.

Lusiya waimba. "Ababa, kunyumba kuli bwanji?" Kuli bwino. "Amama akuti mawu anu akumveka ngati mwayamba kusuta chingambwe." Munthu ali ku Tete, diso silinapole, koma wandigwira ndi khutu lokha. Mkazi ameneyu!

Nthabwala pambali, mantha andigwira. Akalowa muno Lamulungu, diso lija litha, ndipo wolimaliza ndikhala ine, ndi pasita yanga.

Loweruka

Mvula yamawawa kuyambira m'mawa, ija yosamveka padenga koma yonyowetsa zonse. Ikulowa pa mabowo awiri. Nkhuni zanyowa. Ufa ndathawitsira m'nyumba yaikulu.

Tachotsa chisoti. A Bonifasiyo achivundikira padenga, pamwamba pa bowo loyamba, achitsendereza ndi miyala, paipi atseka ndi chitini. Bowo lachiwiri: beseni la Anagama, ndi mwala wina. Shamine yathu tsopano ili kunja, ikuteteza utsi kuti usanyowe. Odutsa pamsewu akuima. Wina wafunsa ngati imagwira mpira wa kunja pa kanema.

Alamu abwera kudzapachikanso mbewu. Andiona nkhope, andimvera chisoni, sananyoze kopitirira katatu. Phunziro lawo:
- mafuwa pakona
- chitseko chotsegula zala zinayi, osapitirira
- kukhoma lakuseri, pamwamba, pali njerwa imodzi yosamata, muisolole (nyumba ndi yanga, njerwa imeneyi sindimaidziwa!)
- nkhuni zowaza zing'onozing'ono, zitatu zokha, zouma ziyambe, zonyowa ziziwotha m'mbali
- wophika akhale pansi, msana kuchitseko

Ndachita zonse. Abale inu! Utsi wanyamuka, wayala pansi pa malata, wadutsa m'mbewu, wapita kukatulukira pa njerwa paja mwaulemu wake. Pansi pomwe ndakhala mpweya uli bwinoko. Si kuti utsi palibe, maso akuwawabe, kwa diso longopola kumene sizingatheke. Koma munthu akhoza kuphika.

Ndakhala pa kampando ka Anagama nthawi yaitali. Zonsezi Anagama anazipeza okha, popanda pasita, popanda fita yoyezera, ndipo zaka zomalizazi akuona ngati m'chifunga. Ine ndili chilili pakhomo kudandaula kuti tiyi akununkha utsi. Ndachita manyazi. Ndawasowa kwambiri.

Nyemba zapsa bwino, kupatula za pansi.

Ndevu sindinamete.

Lamulungu

Misa yoyamba, kenako kumsewu kukadikira shapa, minibasi yochokera ku Tete.

Anagama atsika ndi Lusiya, atavala magalasi akuda ngati mkulu wa boma. Akuyenda osagwira mkono wa munthu! Akutchula chilichonse: mitengo ya mapichesi kutsidya, mbuzi ya mawanga, zolembedwa kumbuyo kwa shapa. Kenako ine. Andiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Kodi inu munakalamba liti chonchi?"

Ndaseka, koma misozi ili pafupi.

Pabwalo aima. Denga. Chisoti, miyala, chitini.

"Lija ndi beseni langa?"

Ndaulula zonse, ndapereka ndi pasita yomwe. Awerenga okha, tsamba ndi tsamba, osaiyandikitsa kumphuno. Ati zilembo zanga n'zokongola. Basi.

Lusiya wasuzumira m'kozinya, watuluka akupukuta m'maso. "Ababa, muno amama salowamo. Ndiye ziphikidwa bwanji? Ine mawa ndikubwerera kuntchito."

Ndayang'ana pansi.

Anagama apempha mpando. Auika panja, mbali yochokera mphepo, pamene akuona m'kati monse. Akhala, akonza chitenje, atembenuza tsaya uku ndi uku.

"Bambo a Lusiya, mphepo yakhota pang'ono. Mafuwawo asunthireni kuno, phazi limodzi. Chitseko zala zitatu lero."

Ndavula jekete la kutchalitchi. Ndalowa.

Choncho nkhani yatsekedwa. Mtundu umene wasankhidwa si wa galasi, si wa njerwa, si wa lata. Wokoka utsi pakhomo pano ndine. Adotolo anati mwezi umodzi. Anagama akuti tsiku limene kachewere wanga adzapse mpaka m'kati, tidzakambirana.

Ndikulemba izi pabondo, mphika uli pamoto. Misozi ili chuchuchu, za mphuno osanena. Iwo atsitsa magalasi pang'ono kuti aone ngati ndathira mchere, ndipo ndaliona diso lija. Ndi loyera, ndi louma.