A Gervazio Chimezamwezi

Kwathu kuno ku Sinda kunali munthu amene ankati mwezi ndi wake, ndipo sankanena moseka ayi. Ukawapeza masana ali ndundundu pansi pa mango n'kuwafunsa kuti, "A Gervazio, mwezi uoneka liti?" ankayamba akanda pamimba, kenaka n'kuyankha kuti, "Ndikaulavula." Amenewo ndiwo anali a Gervazio Mvula. Ana ankawatcha Chimezamwezi. Akuluakulufe tinali ndi mayina ena amene sindingawatchule pagulu.

Anachokera ku Vubwi kudzakhala chikamwini kwa a Tryness, mayi wofatsa amene mpaka lero sitidziwa kuti analakwira yani. Katundu yense amene anabwera naye anali chijasi chakuda chimene anagula akugwira ntchito ku Halale, ndi mawu. Koma mawuwo, abale! Akatsokomola, nkhuku zinkathawira kunsi kwa nkhokwe. Khasu ndiye ankaliopa ngati njoka. Akuchikazi ankanena poyera kuti mkamwini ameneyu thukuta limamutuluka pakudya pokha, ndipo pa bwalo a Gervazio akati alankhule, anthu ankayamba kukambirana za mvula.

Chaka cha 1957 wayilesi ya kusitolo inalengeza kuti azungu ena aponya chitsulo kumwamba ndipo chikuzungulira dziko osagwa. Nkhaniyi inawalowa m'mutu aphunzitsi a pasukulu ya mpingo wathu, a Abraham Daka, mpaka anapeka sewero la tsiku lotsekera sukulu. Analitcha Nkhondo ya ku Mlalang'amba. Munali Mfumukazi Nthanda, nyenyezi ya m'bandakucha, ndi msilikali wake. Munalinso chilombo cha munthu, Chimezamwezi, chochokera kumdima wa kuseri kwa thambo, chimene chinkayenda chikumeza nyenyezi imodziimodzi. Pamapeto msilikali uja anayenera kuchibaya ndi mkondo wa mphezi, icho n'kufa, anthu n'kuimba nyimbo.

Ufumukazi anapatsa Eunice, mwana wa a Nelia, mayi wamasiye wa kumunsi kwa mudzi. Usilikali anapatsa a Dickson, okhoma ndowa ndi kukonza njinga, munthu woti ukamuponda phazi amapepesa ndiye. Pa Chimezamwezi aphunzitsi anafuna mawu okha, ndiye anakatenga a Gervazio. Apo m'pamene anatiputira tsoka.

Tsiku la sewerolo a Gervazio anatuluka kuseri kwa kalasi atavala chijasi chija, kumutu atadzivindikira ndi chidebe cha palafini choboola maso awiri ndi pakamwa. Atalankhula m'chidebemo, mawu anamveka ngati ng'ombe yagwera m'chitsime. Ana anakwera pa amayi awo. Galu wa abusa anathawa ndipo anakapezeka mawa lake.

"Ine ndine Chimezamwezi! Ndadya nyenyezi za kum'mawa ngati mtedza wokazinga! Watsala ndiwe, Nthanda!"

Kwa nthawi yoyamba chibadwire, bwalo lonse linali chete kumvetsera a Gervazio. Iwo anazindikira zimenezo, ndipo zinawakomera.

Itakwana nthawi yoti afe, a Dickson anafika ndi nsungwi yopaka laimu n'kuwabaya mwaulemu m'khwapa. A Gervazio anangoima.

"Igwani, akulu," ananong'ona a Dickson.

"Wandibaya pati?"

"M'khwapamo."

"Unamva kuti munthu anafa ndi m'khwapa?"

Aphunzitsi, amene anabisala kuseri kwa chitseko ndi pepala, anafuula kuti, "A Mvula, ifani! Kwaya ikudikira!"

"Idikire! Ine ndingaphedwe ndi wokhoma ndowa?"

Analanda nsungwi ija n'kuyamba kuthamangitsa msilikali kuzungulira bwalo. Anthu anagubuduka n'kuseka. Aphunzitsi, thukuta lili kamukamu, anatuluka n'kulengeza kuti nkhondoyo yakula, idzamalizika chaka chamawa.

Chaka chotsatira anthu anabwera kuchokera ku Nyanje, ena ku Katete pa njinga, kudzaona ngati afe. Aphunzitsi anali atakonza zoti Nthanda amupatse chikho cha poizoni. A Gervazio ananunkhiza chikhocho kudzera pa chiboo cha pakamwa, n'kukhuthulira pansi, n'kunena kuti, "Kulibe thobwa?" Sanafe. Chaka chinanso anawakumbira dzenje n'kuphimba ndi mphasa. Iwo anali ataonerera pokumba, ndiye analilambalala, ndipo amene anagweramo anali mkulu wa mpingo pobwera kudzatseka ndi pemphero.

Zikanathera pa bwalo la sukulu, bwenzi tikungoseka mpaka lero. Koma munthu uja chidebe ankavula, Chimezamwezi osamuvula. Kumsika ankatola nthochi pa malonda a anthu n'kumati akulawa nyenyezi. M'basi ya ku Fort Jameson anakachotsa nkhalamba pa mpando ponena kuti mafumu a kumwamba saimirira. Kunyumba a Tryness akati, "Bambo, denga likudontha," yankho linali lakuti, "Mkazi, ukuuza yani za udzu? Ine ndili ndi nkhondo."

Ndiye kunabwera lamulo la migula. Achinyamata simungadziwe. Nthawi ya Chitaganya boma linalamula kuti aliyense aunde migula yotchinga madzi m'munda mwake, ndipo wolephera ankamutengera kukhoti. Pankafunika kapitawo woyendera minda ndi kuneneza anzake. Amuna onse a m'mudzi anakana, wina akuti mwendo, wina akuti maso. A Gervazio anakadzipereka okha, atavala chijasi dzuwa lili phwee.

Taganizani, munthu amene sanaundepo mzere ndi umodzi womwe, tsopano akuyeza migula ya anzake ndi ndodo! Ankaima pa chulu, manja m'chiuno, n'kumabangula ndi mawu a m'sewero aja.

"Munda uwu ndaumeza! Mwini wake akaonekere ku Katete!"

Amuna amphamvu ankawalambalala, chifukwa a Gervazio mantha anali nawo okwanira. Ankasankha nkhalamba ndi amayi amasiye. Tsiku lina anafika m'munda mwa a Nelia, amayi ake a Eunice, amene chaka chimenecho anadwala msana dzinja lonse.

"Mgula uwu ndi wa mbewa kapena wa boma?"

"A Gervazio, mukudziwa kuti ndakhala ndikudwala. Ndipatseni mpata, mwana wanga andithandiza."

"Ine si Gervazio pa ntchito. Ndine kapitawo."

"Inu amene munkadya m'nyumba mwanga chaka cha njala chija?"

"Zimenezo mukafotokoze kukhoti."

Mayi uja anayenda wapansi mpaka ku Katete, msana uli chowerama. Anamulipiritsa, ndipo anagulitsa mbuzi yake, imene inali chuma chake chonse. Pobwerera anagona panjira kwa achibale chifukwa miyendo inakana. A Gervazio madzulo ake anali pansi pa mango kufotokozera ana mmene anagonjetsera nyenyezi ya kumunsi.

Sewero la chaka chimenecho, 1960, linali losiyana. Anthu anadzaza mpaka m'mitengo, koma kuseka kunalibe. Chimezamwezi atatuluka, m'malo mwa kukuwa kwa ana kunamveka tsonyo, kenaka zitsononkho zinayamba kugwa pa chidebe ngati matalala. Iwo anayesa ulemu. Anatukula chifuwa n'kupita pamene panakhala Eunice, atavala nsalu yoyera ya Mfumukazi Nthanda.

Pamenepo anayenera kunena mawu a pa pepala. Koma anawonjezera awoawo.

"Gwada, Nthanda! Kwanu ndinameza kale, ndi mbuzi yomwe!"

Eunice anayenera kulira n'kuitana msilikali wake. Iye sanaitane munthu. Anadzuka, n'kuyenda bwinobwino kupita kuseri kwa nyumba ya aphunzitsi, n'kubwerako ndi munsi. A Gervazio, poti m'chidebe munthu amangoona kutsogolo kokha, anali akubangulabe kuyang'ana anthu.

Kunamveka kuti phooo! Ena amati phokosolo linakafika ku msewu waukulu. Chidebe chinaphwanyika pamwamba, m'mbali n'kupindikira mkati pansi pa chibwano. Chimezamwezi anazungulira kawiri n'kukhala pansi ngati thumba la chimanga.

Kwaya sinadikire kuuzidwa. Inayamba nyimbo pomwepo.

Koma m'kati mwa nyimboyo, m'chidebe munatuluka kamawu: "Sindinafe."

Zoona sanafe, koma chidebe chinakana kuvuka. Anakoka amuna awiri, a Gervazio akukuwa kuti makutu akutsala. Anathira mafuta a nsatsi, osatheka. Onse anatembenukira kwa a Dickson, poti ndiwo anali ndi lumo lodulira malata.

A Dickson anakanda m'mutu. "Lumo lija... ndinabwereketsa."

"Kwa yani?" anafunsa aphunzitsi.

"Ndaiwala. Mwina ndikumbukira mawa."

"Dickson, mbale wanga," chinatero chidebe, "ndithandize."

"Pepani, akulu. Ine ndine wokhoma ndowa chabe. Za mafumu a kumwamba sindizidziwa."

Ndiye a Tryness anagwira mwamuna wawo dzanja n'kumutsogolera kunyumba, kudutsa pakati pa mudzi, agalu akuuwa, ana ali m'mbuyo. Phala anawamwetsa ndi bango kudzera pa chiboo. Oyandikana nawo amanena kuti tsiku limenelo a Tryness anakhala pa mpando n'kuyamba kulankhula zonse zimene anasunga chikwatiwire: za denga, za munda, za manyazi amene ankamva akakumana ndi a Nelia kuchitsime. A Gervazio akati ayankhe, mayiyo ankangogogoda chidebe ndi chipande, iwo n'kukhala chete.

M'mawa a Dickson analikumbukira lumo. Podula anadulako ndi kansonga ka khutu, ndipo anapepesa kwambiri.

Ukapitawo unathera pomwepo. Munthu amene wayenda m'mudzi ndi chidebe kumutu sangaimenso pa chulu n'kuopseza anthu. Akati atsegule pakamwa m'munda mwa wina, mwini munda ankangofunsa kuti, "Kodi munsi uja tinauika pati?" Aboma anawachotsa. Aphunzitsi nawo analeka za Mlalang'amba n'kubwerera ku sewero la mwana wolowerera.

Kuchokera pamenepo a Gervazio anayamba kuchepa. Khutu limodzi linagontha. Chifuwa chimene anabwera nacho ku Halale chinadzuka, ndipo mawu aja anayamba kuphwa ngati chitsime cha m'chilimwe. Ankakhala pakhonde atafunda chijasi, ana akabwera kudzawapempha kuti, "Agogo, tachitani Chimezamwezi," ankayesa, koma chinkatuluka chifuwa chokha. Ana ankadikira pang'ono, kenaka n'kupita kukasewera. Sanapepese kwa munthu aliyense, ndisakunamizeni. Koma tsiku lina anawaona m'munda mwa a Nelia m'mamawa, ali ndi khasu, akuyesa kuunda mgula. Unali wokhota ngati njira ya woledzera, ndipo mvula yoyamba inaukokolola. Atafunsidwa anati ankangoyesa khasu.

Anamwalira m'nyengo yozizira ya 1962. Abale awo a ku Vubwi anachedwa, ndiye tinawaika kumanda a mpingo konkuno. Mkulu wa mpingo amene anapatsidwa kuti anene mbiri yawo anaima nthawi yaitali akuyang'ana pansi, kufunafuna chabwino choti anene. Potsiriza anati, "Abale, malemuwa anali ndi mawu." Tonse tinavomera kuti ndi zoona.

Tsopano mudzi uli phee. Nkhuku zimadya mwamtendere, nthochi kumsika zimagulidwa, tsiku lotsekera sukulu anthu amaombera m'manja mwaulemu n'kubwerera kwawo dzuwa likadalipo. Mitengo ya mtedza ikatsika kapena mvula ikachedwa, timasowa womutukwana, ndiye timangokangana tokhatokha. Amayi akafuna kuitana ana madzulo amati, "Lowani, Chimezamwezi akubwera," ndipo tiana timene sitinawaonepo n'komwe timathamanga. A Tryness anafoleretsa denga, ananenepa, koma amati nthawi zina amadzidzimuka kuti m'nyumba mwachita bata ngati mwa eni.

Manda a Gervazio ndi osamalika kuposa a abusa. Amene amalimirapo si a Tryness ayi, koma a Nelia. Mvula ikangotha amapita ndi kakhasu kawo, msana uli chowerama, n'kumazula udzu uku akutukwana chapansipansi kuyambira kumutu mpaka kumiyendo. Tsiku lina ndinawapeza ndipo ndinawafunsa.

"Amama, munthu anakuzunzani chotere, mukumulimiriranso?"

Anaweramuka pang'onopang'ono, n'kupukuta thukuta ndi nsonga ya chitenje.

"Pakamera tchire ndidzamupeza bwanji? Ine sindinathane naye."